Andiitana ku intavyu ya ntchito ya consultancy: ndiyambire pati?

Funso: Ndikumaliza maphunziro a zachuma pa Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba. Ndinafunsira ntchito ya analyst ku kampani ina ya ku Lilongwe yomwe imalangiza makampani ndi mabungwe pa kayendetsedwe ka ntchito zawo, ndipo andiitana ku intavyu pakatha masabata asanu. M'kalata yawo alemba kuti padzakhala case interview, ndipo gawo loyamba lidzachitikira pa intaneti. Magiredi anga ndi abwino, koma za case sindinazionepo. Ndiyambire pati? (Mtsikana wa chaka chomaliza, Chikanda)

Yankho: Achemwali, masabata asanu ndi okwanira ngati muyamba lero, ndiponso ngati muvomereza msanga kuti magiredi anu agwira kale ntchito yake. Ndi amene akuikani pa mndandanda wa oitanidwa. Pa tsikulo palibe amene adzakufunseni zimene munaloweza ku Chirunga. Adzakupatsani case, kutanthauza vuto la bizinesi kapena la bungwe limene simunalimvepo, lopanda manambala okwanira, n'kumvetsera mmene mukuliganizira mokweza mpaka mutafika pa chinthu chimodzi choti kasitomala achite. Mayeso a kukoleji amapatsa malikisi munthu amene walemba zonse zimene akudziwa. Ku intavyu ya case wonena zonse amagwa. Amafuna munthu wotha kusankha ziwiri kapena zitatu zofunikadi, zinazo n'kuzisiya dala, ndiponso wotha kunena chifukwa chimene wazisiyira.

Musanatsegule buku lililonse, fufuzani kuti kampani yakuitananiyo ndi ya mtundu wanji, poti ntchito zimene anthu amazitcha consultancy n'zosiyanasiyana. Kafunsidwe ka case kanatchuka ndi makampani akuluakulu monga McKinsey, BCG ndi Bain, omwe kuno kummwera kwa Africa ali ndi maofesi ku Johannesburg. Kumeneko intavyu imodzi imatenga mphindi 45 mpaka ola. Mbali ina amafunsa za inu ndi zimene munachitapo, yotsalayo ndi case, ndipo munthu amadutsa mwa ofunsa angapo asanalembedwe. McKinsey amayamba n'komwe ndi mayeso a pakompyuta otchedwa Solve. Kuno kwathu ntchito zambiri za makampani otere zimachokera ku boma, ku mabungwe opereka thandizo, ku mabanki ndi kwa amalonda akuluakulu, choncho ofunsa amakonda kuwonjezera zolemba: tebulo la Excel loti mulisanthule, kapena kalata yaifupi yopita kwa bwana wa kasitomala. Lemberani amene anakutumizirani kalata yoitanayo, muwafunse kuti magawo ndi angati, lililonse ndi lalitali bwanji, kalkuleta ndi yololedwa kapena ayi, ndiponso ngati padzakhala zolemba. Funso limeneli si lamwano, ndipo yankho lake ndi limene likuuzeni kagawidwe ka masabata anuwa. Kenako werengani patsamba lawo ntchito zisanu zimene agwira posachedwapa. Ngati zinayi ndi za ulimi kapena zaumoyo, case yanu mwina idzachokera komweko.

Tiyeni tichite case imodzi pamodzi, chifukwa kungofotokoza sikungakuthandizeni. Manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza kuti tiphunzirirepo. Wofunsa akuti: "Kasitomala wathu ali ndi zigayo zitatu, ku Chinamwali, ku Matawale ndi ku Mpondabwino. Chaka chatha ankapeza phindu la K6 miliyoni pamwezi, pano akupeza K3 miliyoni. Akufuna kudziwa chalakwika n'chiyani, ndipo achite chiyani."

Musayambe kuyankha. Lembani manambalawo pamwamba pa pepala, bwerezani vutolo m'mawu anu kuti wofunsa atsimikize kuti mwamva, kenako funsani mafunso awiri kapena atatu. Akufuna kubwerera pa K6 miliyoni pofika liti? Amangogayira anthu, kapena amagulanso chimanga n'kumagulitsa ufa? Ali ndi mpamba wogulira zipangizo zina? Paja safunsa anadya phula: ngati amagulitsanso ufa inu osadziwa, mphindi 25 zonse muzithera pa theka la bizinesi. Koma mafunso khumi ndi vuto linanso, chifukwa amaonetsa kuti mukuopa kuyamba. Funso labwino ndi limene yankho lake lingasinthe chimene muchite kutsogoloku.

Mukatero pemphani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti mukonze maganizo, ndipo muzigwiritsedi ntchito. Jambulani vutolo ngati nthambi. Phindu ndi ndalama zolowa kuchotsapo zotuluka. Zolowa ndi mtengo wogayitsira ndowa imodzi kuchulukitsa ndi chiwerengero cha ndowa. Zotuluka zili pawiri: zimene sizisintha kaya chigayo chalira kaya ayi, monga lendi ndi malipiro a antchito, ndi zimene zimayenda ndi ntchito, monga magetsi, mafuta, masefa ndi malamba. Pambali ikani za kunja: zigayo zina zapafupi, zokolola za chaka chino, kuzima kwa magetsi. Lamulo limene a ntchito imeneyi amalitcha MECE limangonena kuti nthambizi zisalowerane, ndipo pasatsale kanthu kofunika kunja kwake. Mukamaliza, fotokozani chojambulacho m'masekondi 60 kapena 90, n'kunena pamene mukufuna kuyambira ndi chifukwa chake. Mwachitsanzo, mungati mukukayikira mbali ya zotuluka chifukwa chigayo chimadalira magetsi, koma mukufuna muone kaye zolowa kuti musalumphe kanthu.

Pano pali msampha. Pa intaneti mupeza mndandanda wa nthambi zokonzedweratu zoti muloweze, zina za malonda atsopano, zina zogula kampani. Werengani ziwiri kapena zitatu kuti muone kamangidwe kake, koma musaziloweze. Wofunsa wamvapo anthu ambiri akulakatula zinthu zomwezo, ndipo amazindikira msanga pamene nthambi za munthu zilibe mawu oti chigayo, ndowa kapena dizilo.

Mwapempha manambala a zolowa. Wofunsa akuti chaka chatha zinali K12 miliyoni pamwezi, ndipo pano zikadali K12 miliyoni. Ambiri amapunthwira apa: amati kumeneku kulibe vuto, n'kuthamangira ku zotuluka. Inu funsani mtengo padera, ndowa padera. Akuuzani kuti kale ankagaya ndowa 12,000 pa K1,000 iliyonse, pano ndi ndowa 10,000 pa K1,200. Ndiye kuti mtengo wakwera ndi 20 peresenti, ndowa zatsika ndi pafupifupi 17 peresenti, ndipo ziwirizi zaphimbana. Nenani zimenezi mokweza, n'kuwonjezera kuti nkhani ya ndowa 2,000 zosowazo muibwerera.

Zotuluka zachoka pa K6 miliyoni kufika pa K9 miliyoni. Malipiro akadali K1.5 miliyoni, lendi K500,000. Kukonza makina kwachoka pa K1 miliyoni kufika pa K1.5 miliyoni. Magetsi atsika kuchoka pa K3 miliyoni kufika pa K2.5 miliyoni, koma pabwera chatsopano, dizilo wa K3 miliyoni, chifukwa mwini wake anagula mainjini oti azigayira magetsi akazima. Kunena kuti vuto ndi dizilo n'koona, koma aliyense angaone zimenezo. Funso limene limasiyanitsa anthu ndi ili: mwa ndowa 10,000 zija, ndi zingati zimagayidwa pa dizilo? Akuti 2,500. Gawani. K3 miliyoni pa ndowa 2,500 ndi K1,200 pa ndowa, ndendende mtengo umene wogayitsa amalipira. Ndowa ya pa dizilo sisiya ngakhale tambala, tisanawerengere n'komwe kukonza injini. Ya pa magetsi imadya pafupifupi K330 yokha, chifukwa K2.5 miliyoni mwaigawa pa ndowa 7,500.

Musaimire pa nambalayo kudikira kuti akuyamikireni. Nambala iliyonse izitsatidwa ndi tanthauzo lake kwa kasitomala. Atazimitsa mainjini mawa n'kutaya ndowa 2,500 zonsezo, phindu silingatsike, poti wataya K3 miliyoni yolowa koma wapulumutsa K3 miliyoni ya dizilo. Akakwanitsa kusamutsira ndowazo ku maola amene magetsi alipo, zimudyera pafupifupi K830,000 m'malo mwa K3 miliyoni, phindu n'kukwera ndi pafupifupi K2.2 miliyoni. Patsala K800,000 kuti afike pamene anali. Ndowa iliyonse yogayidwa pa magetsi imasiya pafupifupi K870, choncho kubweza ndowa 1,000 mwa 2,000 zinathawa zija kukukwana.

Kumapeto wofunsa adzati mwini zigayo walowa, muli ndi mphindi imodzi. Yambani ndi yankho, osati ndi mbiri ya mmene mwayendera. Zimveke chonchi: "Bambo, phindu lanu latsika chifukwa ndowa imodzi mwa zinayi mukuigaya pa dizilo popanda chotsalapo. Siyani kugaya pa dizilo pa mtengo uno. Muzilandira chimanga magetsi akazima, n'kugaya akabwera, ndipo wofuna ufa pompopompo alipire mtengo wokwererapo. Zimenezi zingabweze mpaka K2.2 miliyoni pamwezi. Choopsa n'chakuti anthu sakonda kusiya chimanga chawo kuchigayo poopa kuchepetseredwa, ndiye pafunika sikelo ndi tikiti yolembapo makilogalamu, mwini chimanga akuona. Sabata ino tifufuze komwe kwapita ndowa 2,000, kaya ndi mtengo wanu, chigayo chatsopano kapena kuchepa kwa zokolola." Nkhani ya sikelo ndi tikitiyo musaione yaing'ono. Simungaipeze m'buku la case lolembedwa ku London, ndipo ndi imene imaonetsa kuti malangizo anu angagwire ntchito pa Chinamwali. Zimene mukudziwa za mmene anthu a kuno amagulira ndi kugulitsa ndi chuma chanu pa intavyu imeneyi.

Mtundu wina wa funso ndi woyerekeza kukula kwa msika popanda poonera. Angati: kodi mumzinda wa Zomba mumagulidwa buledi angati patsiku? Yankho lenileni wofunsayo mwina alibenso. Akufuna aone njira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000 mumzindawu, ndiye nenani kuti poganizira kuchuluka kwa anthu chichokereni nthawiyo mutenga 120,000. Banja la ku Malawi linali ndi anthu 4.4 mongoyerekeza pa kalembera yemweyo; kuti masamu apepuke tengani anayi, n'kunena kuti mwatero dala. Mabanja ndi 30,000. Agaweni: tinene kuti 20 peresenti amagula buledi mmodzi tsiku lililonse, ndiwo 6,000, 40 peresenti amagula kawiri pasabata, ndiwo pafupifupi 3,400 patsiku, otsalawo kamodzi pa masabata awiri, pafupifupi 900 patsiku. Zonse pamodzi ndi 10,300. Ndiye kumbukirani kuti Zomba ndi mzinda wa yunivesite, sukulu zogonera komweko, asilikali a ku Cobbe Barracks, chipatala chachikulu ndi matiyirumu. Onjezani 2,000 pa amenewa, mukuchenjeza kuti ena a iwo mwina mwawawerengera kale m'mabanja. Mwafika pa 12,000 ndi pang'ono. Musanatseke pakamwa, liyeseni yankholo: ndi buledi mmodzi pa anthu khumi patsiku. Zikumveka? Ngati mukanapeza buledi atatu pa munthu mmodzi, mukanadziwa kuti penapake ziro wakuzemberani. Tchulaninso nambala imene mukuikayikira kwambiri, apa ndi 20 peresenti ija, ndi mmene mungaitsimikizire, monga kufunsa mabekare ndi magolosale angapo kuti amatulutsa angati patsiku.

Masamu ake si ovuta, sapitirira a Fomu 2, koma amachitidwa munthu akukuyang'anani, ndipo ndalama zathu zili ndi maziro ambiri. Pamenepa ndi pamene anthu a digiri ya zachuma amagwa mochititsa chisoni: K12 miliyoni kugawa ndi 10,000 kumatuluka K120 kapena K12,000 m'malo mwa K1,200. Zolowerani kulemba 12m m'malo mwa 12 miliyoni ndi 10k m'malo mwa 10,000, kuchotsa maziro mbali zonse ziwiri musanagawe, ndiponso kulemba pambali pa nambala iliyonse kuti ndi ya pamwezi kapena ya pachaka. Lowezani kuti gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi ndi 16.7 peresenti, mwa asanu ndi awiri ndi 14.3, mwa asanu ndi atatu ndi 12.5. Dziwani kuwerengera nthawi yobwezera mpamba: firiji ya K2.4 miliyoni yobweretsa phindu lowonjezera la K200,000 pamwezi imadzilipira m'miyezi 12. Mphindi 15 tsiku lililonse, popanda foni kapena kalkuleta, zikukwanirani.

Pali zinthu ziwiri za chuma chathu zimene muyenera kuzigwira bwino, chifukwa zimalowa pafupifupi mu case iliyonse ya kuno. Choyamba ndi kukwera kwa mitengo. Mu 2024 mitengo inakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, choncho kampani imene malonda ake m'makwacha anakwera ndi 20 peresenti chaka chimenecho kwenikweni inachepa. Akakuonetsani tchati chokwera, funsani ngati manambalawo achotsapo kukwera kwa mitengo. Chachiwiri ndi ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inasintha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Dola inakwera ndi 44 peresenti, koma mukayang'ana kuchokera mbali ya kwacha, kwacha imodzi inataya pafupifupi 31 peresenti ya madola amene inkagula. Manambala onse awiri ndi oona, ndipo muyenera kudziwa kuti mukunena iti. Pa bizinesi iliyonse funsani kuti ndi gawo lanji la zotuluka limene limalipiridwa m'madola, komanso ngati madolawo amapezeka ku banki pa nthawi yake. Zowerenga muli nazo pakhomo: National Statistical Office ili mu Zomba momwemo, ndipo malipoti ake a kalembera ndi a mitengo ali pa intaneti. Tenganinso malipoti apachaka a makampani awiri a pa Malawi Stock Exchange, monga Illovo ndi TNM, muwerenge mawu a wapampando ndi tsamba la phindu, n'kudzifunsa kuti kampaniyi ndalama imazipeza pati, nanga zimathera pati.

Ngati ati padzakhala zolemba, yembekezerani tebulo losakonzedwa bwino ndi nthawi yochepa. Mu Excel dziwani kusefa, kusanja, SUMIF, VLOOKUP kapena XLOOKUP ndi pivot table, zomwe ndi zida zophatikizira, zofufuzira ndi zofupikitsira manambala a m'tebulo. Mphindi zisanu zoyamba zithereni poyang'ana mizere yobwerezedwa, mabokosi opanda kanthu ndi manambala osakanikirana, ena m'makwacha ena m'madola, chifukwa nthawi zambiri amaikamo dala. Kalata yanu ikhale tsamba limodzi: ndime yoyamba inene choti achite, zotsatira zipereke zifukwa zitatu ndi manambala ake, yomaliza inene zimene simunathe kuzitsimikiza. Mawu oyamba aatali a muja timalembera ma assignment asapezekemo. Pa PowerPoint, mutu wa tsamba lililonse ukhale chiganizo chonena chimene mwapeza, monga "Ndowa za pa dizilo sizisiya phindu", osati mawu amodzi oti "Zotuluka".

Tsopano gawo limene ophunzira ambiri amalinyozera, la mafunso okhudza inu. Konzani nkhani zinayi zenizeni: pamene munatsogolera anthu, pamene munasemphana maganizo ndi wina n'kumukopa, pamene zinthu zinakanika, ndi pamene munakwanitsa chinthu chovuta ndi zochepa. Siziyenera kuchokera mu ofesi. Kusonkhanitsa mayankho a kafukufuku m'midzi ya ku Jali kapena ku Domasi, kusunga chuma cha kwaya, kuyendetsa banki mkhonde, kukonza mabuku a golosale ya mayi anu, zonsezi n'zokwanira bola muzidziwe mpaka pansi. Wofunsa wabwino amatha mphindi khumi kapena kuposerapo pa nkhani imodzi, akukumba: munanena chiyani kwenikweni, iye anayankha bwanji, munaganizapo njira ina iti, n'chifukwa chiyani munaisiya? Nkhani yokometsera imagumuka pa funso lachitatu. Pofotokoza, mmene zinthu zinalili muzinene m'ziganizo ziwiri, nthawi yambiri ithere pa zimene inu munachita, n'kutsiriza ndi chotsatira chake m'manambala ngati alipo.

Pali zizolowezi ziwiri zabwino zimene tinaleredwa nazo zomwe pa tsikulo zingakupwetekeni. Tinaphunzitsidwa kusadzitama, ndiye munthu amati "tinachita", "tinaganiza", ngakhale pamene anali yekha wodzuka usiku kukonza bajeti. Wofunsa sakulemba ntchito gulu lanulo. Anzanu atchuleni mwaulemu, koma gawo lanu linenedwe poyera kuti ndinachita chakuti. Tinaphunzitsidwanso kusatsutsa akuluakulu, ndipo ofunsa ena amayesa dala pamenepa. Mukapereka nambala amati, "Mukutsimikiza?" Ngati musintha yankho lolondola chifukwa choti bwana wakwinya nkhope, aona kuti kasitomala waukali adzakugwedezani chimodzimodzi. Choyenera n'kupempha kamphindi, kubwereza masamu mokweza, ndipo ngati ali bwino kunena mofatsa kuti mukuimabe pomwepo pa chifukwa chakuti. Ngati mwapeza cholakwa, chitchuleni nokha, chikonzeni, n'kunena ngati chasintha malangizo anu. Cholakwa chimodzi chogwidwa ndi mwini wake sichigwetsa munthu kawirikawiri. Chimene chimagwetsa ndi kukhala chete kwa mphindi ziwiri mutaweramira pepala, chifukwa wofunsa sangakupatseni malikisi pa zimene sakuzimva, komanso sangakuthandizeni ngati sakudziwa pamene mwatsekeredwa. Zikakuvutani, nenani zimene mwapeza kale, zimene zikusowa, ndi njira ziwiri zimene mukuziganizira.

Funso loti n'chifukwa chiyani mukufuna ntchito imeneyi lidzabwera ndithu. Yankho loti mumakonda kuthetsa mavuto aliyense amalinena. Tchulani ntchito imodzi imene kampaniyo inagwira, chimene chinakukopani m'menemo, ndi mmene chikugwirizanirana ndi zimene munachitapo.

Kagawidwe ka nthawi kakhale chonchi. Sabata yoyamba onerani case zitatu kapena zinayi zochitidwa bwino. Makampani akuluakulu aja amaika zitsanzo zaulere pa masamba awo, ndipo pa YouTube pali zambiri, zomwe mungazikopere pa Wi-Fi ya pasukulu kuti bandulo isathe. Yambaninso masamu a tsiku ndi tsiku, n'kulemba nkhani zanu zinayi. Kuyambira sabata yachiwiri mpaka yachinayi ntchito ndi imodzi: case ndi mnzanu, mokweza, m'Chingerezi, wotchi ili patebulo. Kuwerenga case nokha pabedi kumanyenga, chifukwa mukaona yankho mumadziuza kuti mukanalipeza. Pezani anzanu awiri, makamaka wina wosakhala wa zachuma, amene angakuimitseni mukayamba mawu a m'kalasi osamveka. Muzisinthana: mphindi 30 za case, mphindi 15 zouzana zoona, kenako winayo. Kukhala wofunsa kumaphunzitsa kwambiri, poti mumamva nokha mmene yankho lozungulira limatopetsera. Case imodzi patsiku, masiku asanu pasabata, ikupatsani 15. Ndi za sabata yoyamba ndi yomaliza mufika cha m'ma 20, ndipo zimenezo zikwanira ngati pa iliyonse mulemba m'kope cholakwa chimodzi chachikulu n'kuyamba yotsatira mutachiwerenga. Kamodzi pasabata dzijambuleni pa foni. Mudzamva nokha pamene mukuthamanga, pamene mawu akutsika kumapeto kwa chiganizo, ndi pamene mwanena "thousand" mukutanthauza "million".

Case za m'mabuku akunja zikakutherani, kapena zikayamba kukutopetsani ndi ndege ndi mahotela a kutali, pekani zanu. Mwini minibasi za Zomba–Blantyre agule ina yachinayi kapena ayi? Malo ogona alendo a kuphiri achite chiyani m'miyezi ya mvula? Bungwe logulitsa mbewu ndi feteleza pa ngongole lichepetse bwanji alimi osabweza? Wogula mpunga wa ku Chilwa aike makina opunthira kumudzi kapena m'tauni? Funso lachitatulo, la bungwe lija, lichiteni kangapo, chifukwa case za mabungwe zimasiyana ndi za amalonda pa chinthu chimodzi chachikulu: cholinga si phindu. Muyenera kufunsa poyamba kuti kupambana akukuyeza ndi chiyani, kaya ndi alimi ofikiridwa, zokolola pa hekitala, kapena ndalama zimene zimathera pa mlimi mmodzi, ndiponso ngati ntchitoyo ingapitirire opereka thandizo akachoka.

Sabata yomaliza chepetsani. Case ziwiri kapena zitatu ndi munthu amene simunazolowerane naye, ngati n'kotheka wina amene anamaliza kale ndipo ali pantchito, kenako kubwereza kope la zolakwa. Tsiku lomaliza musaphunzire chatsopano.

Za intaneti zikonzeni ngati gawo la mayeso. Laputopu ikhale yodzaza, foni yodzaza, ndipo mukhale ndi bandulo pa Airtel ndi pa TNM pomwe kuti ina ikagwa musinthe msanga. Yesani Zoom kapena Teams dzulo lake, pamalo omwewo ndi pa ola lomwelo, chifukwa netiweki ya 10 koloko m'mawa si yofanana ndi ya usiku. Ku Chikanda phokoso silisowa, ndiye pemphani chipinda kwa aphunzitsi a ku dipatimenti kwanu kapena kwa achibale, pamalo pamene kuwala kukumenyani kumaso osati kumsana. Mukhale ndi mapepala oyera asanu, zolembera ziwiri ndi madzi. Popeza wofunsa sakuona pepala lanu, nthambi zanu muzizitchula ndi manambala: ndili ndi mbali zitatu, yoyamba ndi iyi. Manambala amene wakuuzani muziwabwereza, poti "fifteen" ndi "fifty" pa netiweki yofooka zimamveka chimodzimodzi. Poyambirira penipeni mupatseni nambala yanu ya foni, mugwirizane kuti intaneti ikaduka mupitiriza pa foni. Akakuitanirani gawo lachiwiri ku Lilongwe, nyamukani dzulo lake, chifukwa ulendowo umadya theka la tsiku ndipo basi sinyamuka isanadzaze; tengani chiphaso cha unzika, makope a satifiketi ndi CV yosindikiza. Ndipo wina akakuimbirani kuti mutumize ndalama pa foni kuti dzina lanu lisachoke pa mndandanda, musatumize. Imbirani kampaniyo pa nambala imene ili patsamba lawo, muwauze zimene zachitika.